Chala cha Mkamwini

Ndisanayambe nkhaniyi nditchuliretu mboni, chifukwa kuno anthu amati ine ndikamafotokoza za mbuzi ndimaiveka nyanga za ng'ombe. Mboni yoyamba ndi mayi wogulitsa zitumbuwa pa geti la sukulu yomwe tinkalandirirako chimanga, kufupi ndi pa Chonde. Ameneyu sangandikondere, poti sindinagulepo chitumbuwa chake ngakhale chimodzi. Yachiwiri ndi atsibweni ake a malemu mkazi wanga, eni mbumba, munthu amene sananamepo chibadwire kupatula kwa odulitsa ziphaso mumsika. Yachitatu ndi apongozi anga aakazi, ngakhale iwowa za ine amazidziwira m'makutu, chifukwa sanandiyang'anepo kumaso. Yomaliza ndi chala changa chachikulu cha kumanja. Ndili nacho pompano, ndi chomwe chapanira cholemberachi. Wokayika abwere adzachione.

Ine ntchito yanga ndi yokhoma ndowa, mbaula ndi zothirira kudimba. Kwathu ndi cha ku Limbuli, ngati kumeneko tingakutche kwathu. Makolo anga anafikako pothawa nkhondo ya ku Mozambiki atasenza mphasa, mphika ndi ine, anapemphako kamalo, ndipo kamaloko lero akulimapo ndi mlongo wanga. Nditakwatira ndinachita zomwe amachita mwamuna aliyense kuno: ndinatsatira mkazi kwawo, ndinamanga nyumba pa malo a amayi ake, ndinalima munda wake. Tinabereka mwana mmodzi, wamkazi. Pa nthawi ya nkhaniyi n'kuti atangoyamba kumene sukulu.

Chaka chimenecho munda unatikana kawiri. Poyamba madzi anatsika m'phiri n'kukokolola mizere yonse, ndiye titabzalanso dzuwa linabwera kudzamaliza. Pofika nthawi yotentha mbewa za m'nkhokwe mwathu zinasamuka masanasana, zitandandalika pa mzere, kulowera ku Mozambiki. Yomalizira inatembenuka n'kundiyang'ana ngati ikufuna kundisiyira kanthu. Izi ndinaona ndi maso angawa. Tinkadya mango osapsa owiritsa, makaka a chinangwa akapezeka, ndi kalongonda amene umamuphika kuyambira m'mawa, pomwe akupsa n'kuti waiwala kuti unali ndi njala. Ndowa sizinkagulidwa. Munthu wopanda ufa sasamala kuti ndowa yake ikudontha.

Kenaka tinamva kuti boma latulutsa chimanga, ndipo lachipereka kwa bungwe lina lachifundo kuti ligawe. Kunabwera achinyamata ovala majekete opanda manja, atanyamula timakina tagalasi, n'kukhala pansi pa mtengo pa bwalo la sukulu. Anati khadi lililonse lilembedwa m'dzina la mayi wa pakhomo, chifukwa abambo amagulitsa chimanga n'kukamwera. Ine sindinatsutse, abambo omwe ankanenedwawo ndinkawadziwa. Koma anatinso mayi aliyense atchule munthu wachiwiri woti azimulandirira akadwala, ndipo munthuyo adinde chala pa makina. Apongozi anga ankafuna kuti mkazi wanga atchule mng'ono wake. Iye anati mng'ono wakeyo thumba la chimanga sangalikweze pa njinga, natchula ine.

Makina anandikana. Zaka zonse zogwira malata zinali zitafufuta mizere ya pachala changa, chinali chosalala ngati sopo wotsala. Mtsikana wina wa bungwelo anandiuza kuti ndichipake pa chipumi kuti chitengeko mafuta a thupi. Ndinapaka, koma pa chipumi panga chaka chimenecho panalibe mafuta. Ndinayesa pa mphuno, panalibenso. Amuna onse amene anali pa mzere anapereka zipumi zawo, zonse zouma ngati chikopa cha ng'oma. Mapeto ake ndinachita kubwereka chipumi cha mayi wa zitumbuwa, amene amakhalira pa chiwaya tsiku lonse. Makina anawala zobiriwira. Mayiyo ananena kuti wotsatira alipira.

Mkazi wanga chimangacho sanadyeko. Anadwala lole yoyamba isanabwere. Ndinapita naye ku chipatala cha pa Boma pa njinga, tinabwerako pa galimoto. Anthu amati pa maliro sindinalire, ndipo akunena zoona. Chomwe ndikukumbukira n'chakuti zogwirira za bokosi zinali za lata lopyapyala, zokhomedwa mwaulesi, ndipo ulaliki wonse ndinangokhala ndikuganiza m'mene ndikanazipindira ine. Mwana anandigwira buluku kumanda. Ndinkamva kuti chinthu chikundikoka, koma ndinazindikira kuti ndi iyeyo titabwerera kale kunyumba.

Chotsatira ndinkachidziwa, monga amachidziwira mkamwini aliyense kuyambira tsiku loumba njerwa yoyamba. Mkazi akamwalira pamapita masabata angapo, kenaka abale a mbali zonse amakhala pansi n'kukusudzula. Amakuthokoza, amakuuza kuti wamasuka, umatenga njinga yako, zovala ndi zipangizo zako, n'kubwerera kwanu. Nyumba imatsala, munda umatsala, mwana amatsala, chifukwa mwana ndi wa kuchikazi. Mlongo wanga anali atatumiza kale uthenga kuti ndimuuze tsiku, apeze ya minibasi. Ndinali nditayamba kumanga malata anga m'mitolo. Mwana ankandithandiza kugwira chingwe osadziwa kuti tikumangiranji.

Ndiye lole inabwera.

Atsibweni anapita okha kukalankhula ndi mtsikana wa bungwe uja, ine ndili pambuyo pawo. Anamufotokozera za maliro, napempha kuti khadi lisinthidwe likhale la apongozi. Mtsikanayo anapepesa mwaulemu, nati kusintha n'kotheka, koma nkhani yake imapita ku ofesi ya pa Boma, kuchoka apo ku likulu, ndipo ikamayenda choncho khadi limakhala lotseka. Ikhoza kubwerako mwezi wamawa, ikhozanso kubwerako anthu atakolola. Koma chala chachiwiri chija, anatero, chikugwirabe ntchito bwinobwino. Atsibweni anatembenuka n'kuyang'ana dzanja langa kwa nthawi yaitali, m'mene munthu amayang'anira mbuzi yake akaizindikira kuti ili ndi bere.

Madzulo a tsiku lomwelo analengeza pa bwalo la apongozi kuti zosudzula si zothamangira, maliro amafunika ulemu. Onse anavomera. Ndinamasula mitolo ya malata ija.

Apongozi anga ndi munthu wa mwambo. Chikwatirire sanandilankhulepo mwachindunji, ndipo tikakumana panjira mmodzi wa ife amalowa m'tchire. Mawu awo onse ankadzera kwa mkazi wanga. Iye atapita, anayamba kudzera kwa mwana. M'mawa mwake anaima pa bwalo atandifulatira, ine ndili chapompo moti ndikanatha kuwachotsa kachitsotso pa mpango, n'kuuza mwanayo kuti, "Uwauze abambo ako asakhomenso ndowa. Chala chija chisaphwanyike."

Mwana anatembenuka n'kundiuza. Ine ndinamuuza kuti awauze agogo ake kuti ndamva. Anatembenuka n'kuwauza.

Nyundo yanga inatengedwa n'kukasungidwa kunyumba kwa apongozi. Khasu anandiletsa. Nkhwangwa anandiletsa. Botolo la mafuta ophikira la bungwe litafika, supuni yoyamba sinapite mu ndiwo, inapita pa chala. M'mawa uliwonse mwana ankabwera ndi mafuta pa kachivindikiro, kundipaka, kenaka n'kukulunga chalacho ndi kansalu kong'ambidwa ku chitenje chakale. Ine ndinkaonda monga ankaondera aliyense, koma chala chinanenepa. Chinafewa, chinayera, mizere yake inabwerera yonse, inanso yatsopano inamera yomwe sindinabadwe nayo. Ndikachimasula padzuwa nkhuku zinkabwera kudzadziyang'anirapo. Wotsutsa akafunse apongozi, nkhukuzo zinali zawo.

Anthu a pa mbumba anasiya kundipatsa moni ine. Ankati akandiona m'mawa, "Chadzuka bwanji?" Ine n'kumati chadzuka bwino, kaya inu. Tsiku lina ndinapunthwa pa muzu wa mango ndikuchokera kuchimbudzi, ndinagwa chafufumimba, mlomo n'kung'ambika. Mudzi wonse unathamanga. Atsibweni anagwada, ananyamula dzanja langa, anamasula kansalu, anachitembenuza uku ndi uku, nati Mulungu ndi wamkulu. Anachikulunganso, anabwezera dzanjalo pansi pomwe analipeza, onse n'kubalalika. Amene anatsala ndi mwana. Anandipukuta magazi ndi diresi lake la sukulu, ndipo tonse awiri tinakalipiridwa chifukwa cha diresilo.

Munthu wosakhoma, wosalima, wosawaza nkhuni amakhala ndi tsiku lalitali. Kale ndinkanyamuka kupita kumsika mwana asanadzuke, n'kubwerako akusinza, moti ndinkamudziwa m'mene umamudziwira mwana wa nyumba yoyandikana nayo. Tsopano ndinayamba kumuperekeza kusukulu ndi kukamutenga. Ndinadziwa kuti nandolo sadya pokhapokha utamutswanyira ndi supuni, kuti amaopa atsekwe koma saopa njoka, kuti akamanama amakanda bondo. Mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu, anandiphunzitsa kumanga tsitsi ndi ulusi. Ndinamanga ndi zala zotsalazo, chachikulu chili njo m'mwamba ngati mlendo wolemekezeka. Tsiku loyamba aphunzitsi anamubweza mwanayo kuti akafunse kunyumba ngati anachita ngozi. Pofika mwezi wachiwiri amayi ena ankandibweretsera ana awo.

Sindinganene kuti ndinkasangalala. M'kati mwangamu munali ngati golosale yomwe mwini wake wapita ku maliro: zinthu zilimo, koma chitseko n'chotseka. Chakudya ndinkadya osamva kukoma, nyimbo za kutchalitchi zinkangondidutsa. Kungoti m'mawa ndinkadziwa chodzukira, ndipo ndinkadziwanso kuti chikundisunga pamenepo ndi chiyani. Lole ikasiya kubwera, mwana azidzuka ine kulibe.

Tsiku lolandira, sukulu inkaweruka msanga chifukwa bwalo linkadzaza. Tinkayamba ndi pemphero, kenaka mkulu wa achinyamata aja ankatikumbutsa kuti chimangachi n'cha boma, chaulere, chosagulitsa, ndipo thumba lililonse ndi la khomo limodzi, losagawana. Tinkawomba m'manja. Akatero ankayamba kuitana mayina pa chimkuzamawu, ndipo dzina lomwe linali pa khadi lathu silinasinthe. Mwezi ndi mwezi dzina la mkazi wanga linkamveka bwalo lonse mpaka kumsewu, lonse lathunthu, ndi la bambo ake lomwe. Ine ndinkaimirira n'kusasa fumbi kumbuyo.

Ulendo woyamba mwana anali atakhala pambali panga pa mwala.

"Ababa, akuitana amayi."

"Ndamva."

"Sanawauze?"

"Anawauza. Makinawo ndi amene sanamve."

Anaganiza pang'ono, kenaka anafunsa ngati akadzakula azidzaimirira ndi iyeyo. Ndinati pofika nthawi imeneyo njala idzakhala itatha. Ichi chokha m'nkhani yonseyi ndi chomwe ndilibe nacho mboni.

Ndinkamasula kansalu pamaso pa mtsikana wa bungwe, n'kudinda. Makina sankadikiranso kuti ndigunde galasi, ankawala chala chidakali m'malere. Mtsikanayo ananena kuti m'dera lonse sanaonepo chala chomvera chotere, ndipo atsibweni, amene ankandiperekeza nthawi zonse atayenda mbali ya kumanja kwanga, anathokoza ngati chala n'chawo. Thumba ankakweza pa njinga ndi anyamata, ine ndinkangoyenda pambuyo. Tikafika, apongozi ankayala mphasa, kumasula thumba losagawana lija, n'kuligawa ndi bakuli kwa makomo onse a mbumba, mpaka kwa nkhalamba ina yakhungu yomwe ubale wake panalibe ankatha kuufotokoza. Pakutha pa mlungu wachiwiri tinkabwerera ku mango.

Mvula ya chaka chotsatira inagwa bwino. Chimanga chitayamba kumasula ngayaye, ndinaona kuti ndiyese kulankhula. Ndinawapeza atsibweni m'munda akubandira, ine n'kuima m'mphepete ndi chala changa chokulunga, ngati kapitawo wa ku esiteti. Ndinayamba ndi za mvula, za mtengo wa feteleza, za bondo lawo. Kenaka ndinafunsa ngati pali njira yoti munthu akhalebe pamudzi atasudzulidwa, osavuta aliyense, akungokhoma ndowa zake.

Anaimika khasu. Sanakwiye. Anandiuza kuti mlamu wanga uja wapeza mwamuna, wothyola tiyi, munthu wabwino, ndipo akudikira malo. Anandionetsa ndi dzanja pomwe munda wa mbumba ukuthera, ngati kuti sindinkadziwa. Unkathera pafupi kwambiri moti dzanjalo sanachite kulitambasula lonse. Anati iwonso ali pa chikamwini kwa akazi awo tsidya la mtsinje, ndipo tsiku lawo likadzafika adzamanga mitolo yawo chimodzimodzi.

"Nanga mwanayu nditapita naye?"

"Mukamugoneka pati ku Limbuliko? Akadzakula adzalima pati?"

Anapitiriza okha:

"Kuno ali ndi nthaka, bambo. Kwanu ali ndi inu nokha. Ndiye sitikukuthamangitsani ayi, tikukumasulani. Muzibwera kudzamuona."

Ndinawathokoza. Ya minibasi yochoka ku Limbuli kufika pa Chonde n'kubwerera tonse tinkaidziwa, ndi ndowa zingapo, m'chaka chomwe ndowa zikugulidwa. Anatolanso khasu, n'kundichenjeza kuti ndisadutse cha ku minga.

Lole yomaliza inabwera ndi chimanga chokha. Mkulu wa achinyamata uja analengeza kuti mafuta ndi nandolo za mwezi umenewo sizinafike, ndiye m'malo mwake khomo lililonse lilandira ndalama pa foni, posachedwapa. Anatithokoza chifukwa cha mwambo wabwino, nati ntchito yawo yathera pamenepo. Foni ya mkazi wanga tinali titaigulitsa nthawi ya maliro, choncho analemba nambala yanga. Ndinadinda komaliza. Mtsikana uja anatsanzikana ndi chala, ine anangondigwedezera mutu.

Pobwerera atsibweni anayenda mbali ya kumanzere, komwe kunali thumba la foni. Ananena kuti tsiku losudzula likhala ndalamazo zikalowa. Si kuti sakundikhulupirira, anatero, koma foni imayenda ndi mwini wake, ndipo ejenti wa pa Chonde sapereka ndalama popanda chiphaso ndi nkhope yake yomwe. Ndinati ndi zomveka.

M'mawa mwake ndinapeza nyundo yanga pakhomo, khasu litatsamira pambali pake. Mafuta sanabwere. Mwana anabwera ndi uthenga wa agogo ake woti ndibweze kansalu kaja, ndipo posakhalitsa kanabweranso katachapidwa, koti ndizikulungira foni. Pa mlungu umodzi wokha chala chinaphwa, chinada, chinabwerera m'gulu la zinzake. Moni unasinthanso. Tsopano ankati, "Yalira?" Ine n'kumati sinalire, kaya yanu. Apongozi ankapereka okha ndalama yotchajira ku golosale, munthu amene sanagulepo machesi chibadwire chifukwa moto amakapala kwa anzake.

Ndalamazo sizinabwere. Mlungu unatha, wina unatha, mwezi unatha. A komiti ya m'mudzi anapalasa njinga mpaka pa Boma, anabwerako ndi mawu oti zili m'njira. Anthu anayamba kufunsana kuti njira yake ndi iti, mwina ikudzera pamwamba pa phiri. Ena ankati zadyedwa, ena ankati zalowa kwa anthu a mudzi wina wa dzina lofanana ndi lathu, ena ankati makina aja anagwera m'madzi ndi zala zathu zonse. Bambo wina anakwera mu mtengo wa bulugamu kusaka netiweki, anakhala m'menemo mpaka akazi ake anayamba kumutumizira chakudya pa chingwe. Alipo, ndimakumana naye, mpaka lero amayenda atakweza dzanja limodzi.

Kumsika anthu akamatukwana za kuchedwako nanenso ndinkatukwana nawo, kuti ndisaoneke wachilendo. Koma Lamulungu ndinkamupempherera kalaliki ameneyo, kaya ndi ndani, kaya amakhala ku ofesi iti. Sindinkamupemphera matenda ayi. Ndinkangopempha kuti akhale ndi moyo wautali, misonkhano yambiri, ndi magetsi ozimazima.

Foni ikalira m'thumba, ndinkaitulutsa. Ndinkaimasula pang'onopang'ono, mwana ataima pa zala kuti aone nawo. Nthawi zonse inkakhala ya anthu otsatsa ngongole, kapena oti ndilosere mpira ndilemere. Mwana ankathamanga kukanena kwa agogo ake kuti ndi a mpira aja. Iye ankayesa kuti tonse tikudikira chinthu chabwino, ndipo ankakhumudwa m'malo mwanga. Panalibe anamuuza chomwe chidzatsatire ndalamazo. Ine ndinkati ndimuuza mawa. Kuponya foni mumtsinje ndinakuganizirapo, koma nambala imabwezedwa tsiku limodzi, ndiponso ndalamazo zinali za ndiwo za mwana yemweyo.

Anthu anayamba kuotcha chimanga chachiwisi, maungu anapsa, njala inatha yokha popanda kulengeza. Mwamuna wa mlamu wanga uja ankabwera Loweruka lililonse kudzacheza. Anali munthu waulemu kwambiri, ankandipatsa moni ndi manja awiri, koma maso ake ankayeza chitseko cha nyumba yanga. Ndinamuuza kuti denga limadontha pa ngodya ya kum'mawa, ndipo nsichi ya pakati ili ndi chiswe. Anathokoza. Ndinamugulitsanso mbaula, pa mtengo wa chibale.

Tsiku lina m'mawa apongozi anaima pa bwalo atandifulatira monga mwa masiku onse. Ndinkayembekezera funso lija. Iwo anakonza kaye mpango womwe unali wokonzeka kale, kenaka anauza mwana kuti, "Uwauze abambo ako kuti anthu a m'maofesi sathamanga. Asamavutike n'kuyatsa foniyo tsiku lililonse. Kutchaja kwadula."

Mwana anatembenuka n'kundiuza. Kutchaja kunali kusanakwere, tonse akuluakulu tinkadziwa. Ndinayang'ana msana wawo, wopindika, wa munthu amene anaika mwana wake m'manda miyezi ingapo yapitayo n'kumagawabe chimanga ndi bakuli. Ndinamuuza mwanayo kuti awauze agogo ake kuti ndamva. Apongozi sanachoke msanga. Kenaka anapita kukaona nkhuku zawo.

Ndinazimitsa foni, ndinaikulunga, ndinaisomeka ku denga. Atsibweni akafunsa ngati yalira, ndinkayankha kuti sinalire, ndipo sindinkanama. Tinakolola. Ndinakonza nkhokwe ya apongozi, ndinaikhomera malata m'miyendo kuti mbewa zikabwerako ku Mozambiki zisakwere. Masiku amenewo anali angati sindikudziwa, sindinkawerenga. Ndinkadzuka, kumuperekeza mwana, kukhoma, kukamutenga, kudya. Mlongo wanga ku Limbuli ayenera kuti ankayesa kuti ndafa.

Linali Loweruka masana. Mwana anali ndi dzino logwedera, loyamba, ndipo kwa masiku angapo ankakana kuti wina aliyense aligwire. Tsiku limenelo anavomera, koma anati ndikhale ine, ndipo ndisakoke mpaka iye atanena. Tinakhala pakhonde, iye pakati pa miyendo yanga, mutu ali chagada, ulusi ndatamangirira kale ku dzinolo. Ndikati ndikoke ankakweza dzanja kuti dikirani. Ndinkadikira.

Nthungululu inayambira cha kumsewu. Poyamba ndinayesa ukwati. Kenaka inamveka pafupi, kwa mayi wa komiti, kenaka kuseri kwa tchalitchi, kenaka nyumba yoyandikana ndi ya apongozi, ikudumpha khomo ndi khomo kubwera kuno. Wina anadutsa pa njinga akuimba belu, foni ili m'mwamba. Apongozi anatuluka m'nyumba mwawo, anaima pakhomo, anamvetsera, n'kulowanso.

Atsibweni anatulukira pa njira ya kumtsinje atavala chipewa chawo cha kutchalitchi. Sanathamange. Anafika, anavula chipewa, anakhala pa mtondo wogona, n'kufunsa za dzinolo. Mwana anawaonetsa ndi lilime. Iwo anati ndi dzino labwino, lisachitidwe changu. Tinakhala choncho kanthawi, nthungululu ikupitirira kumtunda.

Ndinamupatsa mwana nsonga ya ulusi kuti agwire yekha. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsitsa foni ku denga, ndinamasula kansalu, ndinayatsa. Inatenga nthawi kuti ipeze netiweki. Nditatuluka nayo pakhonde, inalira.